Mabuku awiri ndi chitini cha mankhwala: agogo a sitiroko pakati pa wodi ndi mudzi

Ndimagwira ntchito ngati clinical officer pa chipatala china chaching'ono m'boma la Dedza, kumtunda kuno kufupi ndi malire a Mozambique. Lipotili ndalembera anzanga a m'zipatala zing'onozing'ono, a m'mawodi, komanso alangizi a zaumoyo. Agogo amene ndikunenawa anapulumuka sitiroko, koma patangotha masiku 9 chibwerereni kwawo anatsala pang'ono kutisiya chifukwa cha mankhwala amene ife tomwe tinawapatsa. Palibe amene anawachitira nkhanza kapena ulesi. Chimene chinkachitika n'chakuti pa ulendo uliwonse, kuchoka kumudzi kubwera kwathu, kuchoka kwathu kupita ku wodi, kuchoka ku wodi kubwerera kumudzi, kanthu kena kamatsalira m'mbuyo. Mayina a anthu, a mudzi ndi a zipatala ndawasiya dala, ndipo a banja anavomera kuti ndilembe.

Asanadwale

Agogowa ali ndi zaka 68 malinga ndi chiphaso chawo cha unzika. Amuna awo anamwalira kale. Amakhala pamudzi pa makolo awo, makilomita 11 kuchokera pano, ndipo asanagwe ankalima okha kachewere ndi nyemba. M'nyumba amakhala ndi mdzukulu wawo, mtsikana wa zaka 16 wa Fomu 2 pa sekondale yoyendera. Mwana wawo mmodzi yekha amene anatsala ndi wamkazi, amagulitsa kaunjika ku Lilongwe. Mwini mbumba ndi mlongo wawo wa agogowo, amene aliyense pakhomopo amangowatchula kuti amalume, ndipo nkhani ya matenda aakulu siyenda iwo asanalankhule.

Ndinkawadziwa bwino. Kwa zaka 6 akhala akubwera ku kiliniki yathu ya BP ndi shuga. Odwala otere ndi ambiri m'midzi muno. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi ali ndi BP yokwera, ndipo mzere wathu wa tsiku la kiliniki umachitira umboni. Agogowa ankamwa hydrochlorothiazide 25 mg kamodzi patsiku wa BP, ndipo a shuga anali metformin 500 mg kawiri ndi glibenclamide 5 mg kawiri. Mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la WHO umanena kuti glibenclamide sayenera munthu wopitirira zaka 60. Ndinkadziwa zimenezi. Ndinawasiya pa mankhwalawo chifukwa ndi amene amapezeka pa shelefu yathu, komanso nthawi imeneyo ankadya bwino ndi kugwira ntchito ya kumunda, shuga wawo osavuta.

Mankhwala akatithera, mwana wawo ankawagulira ku famase ku Lilongwe n'kutumiza pa minibasi. Athu akabwera ankalandiranso. Otsalatsalawo ankasunga m'chitini chakale cha mabisiketi pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala. Za chitinichi sindinkadziwa, ndipo sindinafunsepo.

Tsiku loyamba

M'mwezi wa June, kukuzizira monga kumachitira kuno, mdzukulu uja anawapeza cha m'ma 6 koloko m'mawa atagwa pakhomo la khitchini, nkhuni zili mbwee. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinali lende, pakamwa patakhota, mawu osamveka. Anafika pano cha m'ma 1 koloko masana pa ngolo. Maola 7 amenewo anathera poitana amalume kudimba, kukambirana, ndi kufunafuna ng'ombe zokoka. Panjira wina anawamwetsa tiyi kuti apezeko mphamvu, ndipo anafika akutsokomola, pakhosi pakulira.

BP inali 198/112, shuga 214 mg/dl. Malungo tinayeza sanapezeke, HIV chimodzimodzi. Mtima unkagunda mwadongosolo, thupi silinali lotentha. Maso anali otsegula ndipo ankanditsatira ndikamayenda m'chipindamo, koma dzina la mdzukulu wawo linkawakanika. BP sindinaigwetse mwaphuma, poti m'masiku oyamba a sitiroko kugwetsa BP mwadzidzidzi kumatha kumana ubongo magazi ochepa amene akufikako. Aspirin sindinapereke, chifukwa popanda CT, makina ojambula m'kati mwa mutu, sungasiyanitse bwino mtsempha wotsekeka ndi wophulika, ndipo CT ya pafupi ili ku Lilongwe, makilomita oposa 80 kuchokera pa boma la Dedza. Ndinaletsa chilichonse cha pakamwa, ndinawagoneka cham'mbali mutu utakwezedwa, ndinaika kanula (kapaipi ka pa mtsempha kolowetsera mankhwala), n'kuitanitsa ambulasi yowatengera ku wodi ya chipatala chachikulu.

Kulakwa kwanga koyamba kunachitika masana omwewo. Pa phuma la m'mawa buku lawo linatsala m'chitini. Wachibale wina anagula buku latsopano pageti, ndipo ine ndinalembamo kuti ndi odwala shuga ndi BP amene ali pa mankhwala, basi. Mayina a mankhwalawo sindinalembe. Mastakadi yawo, khadi la ku kiliniki lolembedwa mankhwala awo onse, inali m'chipinda choyandikana, kiyi ali ndi kalaliki amene anali atapita kukadya. Ambulasi inafika cha m'ma 6 koloko madzulo, choncho nthawi ndinali nayo yokwanira. Ndinangoona ngati kumeneko akafunsa okha.

Masiku 11 ku wodi

Zimene zinachitika ku wodi ndinazimva pambuyo pake kuchokera kwa mnzanga amene ankawaona, ndipo ndinene poyera kuti anagwira ntchito yabwino. Anawaika chubu chodyera cha m'mphuno kwa masiku 4. Anawapeza ndi chibayo, mwina cha tiyi uja, n'kuwapatsa ceftriaxone. Anayeza magazi napeza kuti impso zafookako. Mayina a mankhwala akale anawadziwa kudzera kwa mwana wa ku Lilongwe, amene anabwera kudzakhala gadiyani. Poona kuti agogo akudya pang'ono ndipo impso sizili bwino, anasiyitsa glibenclamide ndi hydrochlorothiazide, anachepetsa metformin kukhala 500 mg kamodzi patsiku, nayambitsa amlodipine wa BP, kenaka aspirin 75 mg ataona mmene matenda anayambira ndi mmene akuyendera. Wa mafizo anabwera katatu. Anaphunzitsa gadiyani kutembenuza, kukhazika, kudyetsa phala lolimbako ndi supuni yaing'ono, ndi kusakoka dzanja lofooka.

Maganizo onsewa analembedwa mu failo ya ku wodi, ndipo failo imatsala kuchipatala. M'buku latsopano lija munalowa mizere inayi ya Chingerezi chachidule: mankhwala atatu oti azimwa, kubwera ku kiliniki pakatha mwezi, ndi liwu limodzi lonena za mafizo. Panalibe mzere wonena kuti mankhwala akuti asiyidwa. Anatuluka m'chipatala chubu cha mkodzo chikadali m'thupi, tsiku limene chinaikidwa osalembedwa. Anatulutsidwa Lachisanu masana, nthawi imene wodi imakhala ikufuna mabedi a kumapeto kwa sabata, ndipo ife pano sitinamve kalikonse.

Amene anaphunzitsidwa si amene anatsala

Mwana wa ku Lilongwe anachita hayala galimoto, nafika nawo kumudzi usiku. Anakhala Loweruka ndi Lamulungu, Lolemba m'mamawa n'kubwerera, poti benchi yake ya kaunjika inali itakhala masabata awiri osatsegula. Buku latsopano linapita naye m'chikwama mosadziwa. Pochoka anapereka timapepala titatu ta mankhwala kwa mtsikana uja n'kunena kuti, "Agogo ako uziwapatsa mankhwala osadumphitsa ngakhale tsiku limodzi. Kudumphitsa n'kumene kwawagwetsa."

Mtsikanayo anamvera ndi mtima wonse. Kwa zaka zingapo ndiye ankawatulutsira agogo ake mapiritsi a m'chitini m'mawa ndi madzulo, ndipo palibe amene anamuuza kuti a m'chitini atha ntchito. Anawerenga buku lakale, anaona zolembedwa ndi dzanja langa, napitiriza monga kale, n'kuwonjezerapo atsopano aja. Tsiku lililonse agogo ankamwa glibenclamide kawiri, metformin katatu, ndi mankhwala a BP a mitundu iwiri. Ena ankawaphwanya n'kusakaniza m'phala kuti adutse pakhosi.

Chakudya nacho chinali chochepa. Achibale anagwirizana kuti munthu wa shuga asalawe chotsekemera, nsima yoyera, kachewere, ngakhale nthochi. Chinatsala ndi phala la mgaiwa lamadzimadzi, ndipo akangomwa masupuni asanu n'kutsamwa, odyetsa ankachita mantha n'kusiya. Zonse zimene wa mafizo anaphunzitsa zinali ku Lilongwe ndi munthu amene anaziphunzira.

Apa ndi pamene ndikufuna anzanga a m'mawodi tiganizirepo. Timaphunzitsa munthu amene tamupeza pambali pa bedi, poganiza kuti ndi yemweyo amene akakhale ndi wodwala kumudzi. Kawirikawiri sizikhala choncho. Ku wodi kumapita amene ali ndi kandalama kogulira makala ndi ndiwo, amene saopa kulankhula ndi adokotala, nthawi zambiri wa m'tauni. Kumudzi kumatsala mdzukulu, mng'ono wake wa wodwala amene nayenso ndi wokalamba, kapena mpongozi. Funso lakuti "Nanga mukafika kunyumba, adzawamwetse mankhwala Lachiwiri m'mawa ndani?" silitenga ngakhale mphindi imodzi, koma sindinamvepo likufunsidwa, ndipo inenso sindinkafunsa.

Tsiku la 9

Mlangizi wa zaumoyo wa dera limenelo anamva kuchigayo kuti agogo aja anabwerako. Pa ndondomeko yake ya sabata mudziwo munalibe, koma Lamulungu m'mawa anaganiza zodzerako pa njinga. Anapeza anthu atadzaza pakhonde, amayi a mphakati akupemphera m'nyumba. Agogo anali asanadzuke chigonereni, ndipo powagwedeza ankangobuula. Aliyense anali atatsimikiza kuti sitiroko yabweranso, ndipo amalume anali atalamula kale kuti kuchipatala sapitanso, atsirizire pakhomo pawo.

Mlangiziyo anandiimbira ali kuseri kwa nyumba. "Adokotala, agogo aja akomoka, koma chikundidabwitsa ndi thukuta. Kukuzizira chonchi, bulangete lanyowa."

Ndinamupempha kuti alowe, atenge mankhwala onse amene ali m'nyumbamo, andiwerengere limodzilimodzi. Atafika pa glibenclamide ndinamudula mawu. Ndinamuuza kuti awagoneke cham'mbali, anyowetse shuga wa tiyi pang'ono n'kupaka ndi chala m'kati mwa tsaya, osathira madzi alionse m'kamwa. Shuga m'nyumbamo munalibe, poti anali ataletsedwa. Anakapempha kwa oyandikana nawo, ndipo panali mkangano pang'ono, ena akuti mlangiziyo akufuna kuwatsiriza. Ine ndinatenga makina oyezera shuga, masitiripi 6 amene anatsala pa chipatala chonse, ndi dextrose 50% (shuga wobaya pa mtsempha), n'kukwera njinga yamoto.

Shuga anali 34 mg/dl. Chilichonse chochepera 70 timachitenga kuti shuga watsika, ndipo 34 ndi wokwanira kupha kapena kuononga ubongo akakhalitsa. Ndinagwada pamphasa, mlangizi akundiunikira ndi foni chifukwa m'chipindamo munali mdima, n'kubaya 50 ml pang'onopang'ono pa mtsempha wa dzanja lamanzere. Sirinji isanathe, zikope zinayamba kugwedezeka. Patapita mphindi zochepa anatsegula maso, nayang'ana denga, nayang'ana ine, kenaka ndi dzanja labwinolo anakoka bulangete. Nyimbo inalekera pakati. Mayi wina anatuluka kukaitana amalume.

Nditawavundukula ndinapeza zina. Kumunsi kwa msana kunali chilonda chachikulu ngati pansi pa kapu, khungu litachoka, pakati pake pali poyererako. Chichokereni mwana wawo, agogo ankagona chagada pamphasa, kutembenuzidwa pokhapokha posintha zovala. Thumba la mkodzo linali litakolekedwa pa msomali wa pakhoma, pamwamba kuposa chiuno chawo, mkodzo wake wambuu ndi wonunkha. Phewa lakumanja linkawawa akalikhudza, chifukwa powadzutsa ankakokera dzanja lomwelo. BP inali 104/62, yotsika kwambiri kwa munthu amene thupi lake linazolowera yokwera.

Kukambirana ndi amalume

Kwa anthu a pakhomopo nkhani inali itatha: agogo adzuka, adokotala abwerere. Ine ndinkadziwa kuti glibenclamide amakhalitsa m'thupi, makamaka impso zikafooka, ndipo shuga amene ndabaya sachedwa kutha. Munthu wotere amafunika kuyang'aniridwa tsiku limodzi kapena awiri, pa diripi, akuyezedwa pafupipafupi. Ndinakhala pansi ndi amalume pansi pa mtengo wa mapichesi.

"Bambo, alongo anuwa sanadwalenso sitiroko. Shuga ndiye anatsika chifukwa cha mankhwala, ndipo mankhwalawo akadali m'magazi. Usiku uno akomokanso."

"Adokotala, kuchipatala chachikulu tinapitako. Tagulitsa matumba awiri a kachewere, ngongole ya galimoto ikadalipo, ndipo munthu anabwerako wosayenda. Mukufuna tikamutayenso komweko?"

Sindinawatsutse, chifukwa zimene ananena zinali zoona. Ndikanaumirira za chipatala chachikulu pomwepo, ndikanabwerera ndekha. Ndinapempha usiku umodzi pa chipatala chathu, pamene iwo akhoza kufika ndi njinga, ndipo ndinawapempha kuti agone nafe pomwepo. Anavomera. Ndikudziwa kuti ena anena kuti wodwala wotere sayenera kugona pa chipatala chopanda labu, ndipo sakunama. Ndinasankha pakati pa kuwasunga pamalo osakwanira ndi kuwasiya pamphasa.

Tinaika diripi ya dextrose 10% ndi kuwamwetsa phala la shuga pang'onopang'ono ali chokhala. Cha m'ma 2 koloko usiku kanula inatsekeka osaoneka msanga, ndipo anamwino anawapeza ayambanso thukuta, shuga 52. Amalume anali pomwepo. Anaona thukutalo, anaona nambala pa makina, anaonanso alongo awo akutsitsimuka titabaya. Kutacha masitiripi anali atatsala awiri. Ndisanayambe n'komwe kulankhula, iwo anati, "Itanani ambulasi ija."

Ulendo wachiwiri

Ulendo uno ndinalemba tsamba lathunthu: mankhwala onse amene anamwa masiku 9 aja ndi milingo yake, nthawi imene anamwa glibenclamide komaliza, manambala a shuga ndi maola ake, kukula kwa chilonda, ndi masiku amene chubu cha mkodzo chakhala m'thupi monga tinawerengera ndi achibale, pafupifupi 20. Chitini chinakwera nawo ambulasi. Ndinaimbira clinician wa ku wodi asananyamuke, n'kumupempha zinthu ziwiri: kuti asatuluke ine ndisanamve, ndi kuti aphunzitse amene ndawatumiza. Ndinapempha kuti agadiyani akhale mtsikana uja ndi mng'ono wawo wa agogo, ngakhale zinatanthauza kuti mwanayo ajomba kusukulu. Mwana wa ku Lilongwe anatumiza buku latsopano lija kudzera kwa kondakitala wa minibasi, ndi ndalama ya chakudya pa foni.

Anakhalako masiku 5. Shuga anakhazikika pa tsiku lachiwiri. Chubu cha mkodzo anachichotsa ndipo anatha kukodza okha, matenda a m'chikhodzodzo anapatsidwa mankhwala, chilonda chinatsukidwa. Mnzanga uja anaimbadi Lachinayi kuti atuluka mawa lake, ndipo m'buku analemba ndi zilembo zikuluzikulu mankhwala awiri amene asiyidwa ndi chifukwa chake. Anandiuza mosabisa kuti ulendo woyamba sanaganizeko kuti kunyumba kungakhale mapiritsi ena. Inenso ndinamuuza za kalata yanga ya mzere umodzi.

Msonkhano wa pakhonde

Tsiku lotsatira atafika kwawo, ine ndi mlangizi tinapita. Ndinali nditamva kale kuti pamudzi pakuyenda manong'onong'o oti mtsikana uja anafuna kupha agogo ake, ena akuti anatopa ndi kuchapa. Mwanayo anali atasiya kudya bwino, ndipo ku wodi ankakana kugwira piritsi lililonse. Ndinaona kuti tikapanda kukonza zimenezi, dongosolo lililonse limene tingapange ligwa, chifukwa munthu yekhayo wodziwa kuwerenga m'nyumbamo ndi iyeyo.

Ndinapempha amalume kuti aitane abale onse, ndipo mwana wa ku Lilongwe tinamuika pa foni. Pamaso pa onse ndinanena kuti mwanayu anachita ndendende zimene anauzidwa, kuti buku limene anatsatira ndinalemba ndine, ndi kuti a chipatala ndife amene sitinanene kuti mankhwala akale asiyidwe. Panali zii kwa kanthawi. Kenaka amalume anatembenukira kwa mtsikanayo nati, "Wamva iwe? Mlandu ulibe. Pukuta misozi, ukatenge chitini chija." Mayi ake aang'ono a ku Lilongwe analira pa foni, akuti iwo ndi amene anathawa ndi buku.

Tinakhuthula chitini pa chitenje. Munali glibenclamide wa mitundu iwiri yosiyana maonekedwe, wathu ndi wa ku famase, metformin wambiri, hydrochlorothiazide, ndi timapiritsi tina topanda dzina. Zonse ndinatenga, kusiya atatu oyenera okha. Mtsikanayo anasoka mabuku awiri aja pamodzi ndi singano ndi ulusi, ndipo patsamba lomaliza la buku lakale ndinadula mzere waukulu. Kenaka tinalemba tsamba limodzi m'Chichewa, iye akulemba ine ndikunena: mankhwala amene akumwa ndi nthawi yake, amene asiya ndipo asamwenso ngakhale wina awagule, zizindikiro zoti aimbire mlangizi nthawi yomweyo, ndi tsiku lobwera ku kiliniki. Tsambalo analemba kawiri, lina n'kumata m'buku, lina pakhoma.

Za chakudya tinakambirana nthawi yaitali, chifukwa mantha a shuga anali atazika mizu. Ndinawauza kuti kwa agogo a msinkhu uwu, amene ali ndi chilonda chofunika kupola, njala ndi yoopsa kuposa shuga wokwerako pang'ono. Phala likhale lolimba, lothira nsinjiro kapena dzira, kangapo patsiku. Adye ali chokhala, mutu woweramira kutsogolo pang'ono, ndipo akhalebe chokhala theka la ola akamaliza. Nyemba zosinja, kachewere wosinja ndi masamba ofewa adye. Paketi ya shuga ikhale m'nyumba, ya tsiku la thukuta.

Kutembenuza maola awiri alionse n'kosavuta kunena pa wodi pamene pali wotchi pakhoma. Kumudzi tinagwiritsa ntchito zimene zilipo: pofika tambala woyamba, potuluka dzuwa, ana akamapita kusukulu, pa buleki, poweruka, ng'ombe zikamabwerera, pogona, ndi kamodzi pakati pa usiku. Amayi a mphakati anagawana masiku a m'mawa kuti mtsikanayo abwerere kusukulu. Chilonda ankatsuka ndi madzi owiritsa othira mchere, supuni yaing'ono imodzi m'botolo la theka la lita, ndipo mlangizi ankabweretsa goji ndi kundijambulira chithunzi pa WhatsApp Lachitatu lililonse, a banja atalola. Matiresi anabwera kuchokera ku Lilongwe sabata yotsatira. Wa mafizo anatitumizira timavidiyo tifupitifupi, ndipo amalume anazika mitengo iwiri ya bulugamu kuseri kwa nyumba yoti alongo awo azigwirira poyesa kuima.

Ku mapemphero

Mu August amalume anaganiza zowatengera kwa mlaliki wina tsidya la malire kwa masiku angapo. Mlangizi anamva ulendo usanachitike, chifukwa pofika nthawiyi a pakhomopo anali atasiya kutibisira. Sindinaletse. Ndinapempha kuti mankhwala ndi tsamba lija zipite nawo, asawasalitse kudya, ndipo apite ndi mmodzi mwa amene anaphunzitsidwa. Mankhwala sanadumphe ngakhale tsiku limodzi. Matiresi okha ndi amene anatsala, poti pa njinga yamoto sakanakwanapo, ndipo chilonda chimene chinali chitayamba kufota chinabwerako chitakula. Za matiresiwo sindinaganizeko pokambirana.

Pamene afika

Chilonda chinatseka mu October. Pa kiliniki yapitayi BP inali 142/86, shuga wa m'mawa asanadye 138, ndipo sindikufuna kumutsitsa kuposa pamenepo. Amaima okha pa mitengo ija, ndipo ndi ndodo amayenda kuchoka pabedi kufika pakhonde kukaothera dzuwa. Dzanja lakumanja silinabwerere. Mawu amatuluka ochepa, koma dzina la mdzukulu wawo amalitchula. Mtsikanayo teremu ija sanakhoze bwino, ndipo mlangizi anakalankhula ndi aphunzitsi ake kuti amvetse chifukwa chake.

Pa chipatala pathu pali zimene zasintha. Wodwala wa BP kapena shuga akamatumizidwa, mastakadi imatsegulidwa ndipo mankhwala onse amalembedwa, kaya kiyi ali kuti. Aliyense amene tatumiza timamulemba m'kope ndi mudzi wake ndi dzina la mlangizi wa dera lake, ndipo Lolemba lililonse timafunsana kuti uje anabwerako kodi. Wobwera kuchokera ku wodi timamupempha kuti abweretse mankhwala onse a m'nyumba m'jumbo, osati buku lokha, ndipo chiyambireni tapeza anthu ena awiri akumwa akale ndi atsopano pamodzi. Okalamba amene ali pa glibenclamide ndikuwaunikanso mmodzimmodzi.

Zina sizinasinthe, ndipo zimandidetsa nkhawa. Uthenga woti wodwala watuluka umabwera pokhapokha amene ali pa ntchito tsikulo ndi munthu amene tikudziwana, pa foni yake ndi mayunitsi ake. Akasamutsidwa mnzanga uja, tibwerera kukamva kuchigayo. Masitiripi amatha mwezi usanathe. Mlangizi wathu amayang'anira anthu oposa 1,000 amene ndondomeko ya boma imafuna pa mlangizi mmodzi, ndipo maphunziro ake ambiri ndi a ana ndi amayi oyembekezera. Za thukuta la shuga wotsika anaziona koyamba tsiku lija. Mu September amlodipine anatithera ndipo m'malo mwake ndinawapatsa nifedipine wa masabata awiri. Ndinachita kupita ndekha kukasintha tsamba la pakhoma, kuopa kuti wa ku famase akafika amwa onse awiri.

Sabata yatha mwana wa ku Lilongwe anaimba. Akufuna kuwatenga mvula isanayambe, chifukwa msewu wa kumudziko ukanyowa ngakhale njinga yamoto sidutsa, ndipo akuopa kuti akadzadwala mu January sadzatuluka. Amalume avomera kuti apite mpaka nthawi yokolola. Mtsikana uja atsala chifukwa cha sukulu, choncho masana agogo azikhala ndi mtsikana wantchito amene sanawaonepo. Ndapempha kuti iyeyo abwere kumudzi masiku atatu ulendo usanachitike, adzagwire ntchito limodzi ndi mdzukuluyo. Kalata yopita ku kiliniki ya kufupi ndi kwawoko ndalemba, mankhwala a miyezi iwiri ndapatula, ndipo mlangizi wakumbutsa woyendetsa galimoto kuti matiresi amangidwe padenga. Anyamuka Loweruka likubwerali.